Kochi wa softball wa ku Oklahoma uja, ndi ndalama kapena ndi iyeyo?

Sir_Masewero (Santhe, Kasungu)

Akuluakulu moni nonse. Ndili ndi funso, mwina alipo muno amene amatsatira masewero a ku America kuposa ine. Ine ndimaphunzitsa pa CDSS ina kuno mbali ya ku Santhe ndipo kupatula kalasi ndinapatsidwanso udindo woyang'anira masewero a atsikana. Nde ndakhala ndikuonera timavidiyo ta softball pa YouTube, masewero aja atsikana amamenya mpira wachikasu ndi chibonga nkumathamanga kuzungulira, ndipo dzina limene likungobwerabwera ndi la mayi wina Patty Gasso, kochi wa timu ya yunivesite ya Oklahoma. Akuti watenga chikho cha mayunivesite a dziko lonse la America ka 8, zinayi mwa izo zondondozana.

Funso langa ndi ili, kodi mayi ameneyu anapanga chani kwenikweni kuti timu ya sukulu ifike pamenepo? Chifukwa timu ya sukulu si ngati ya kalabu, ana amabwera nkupita, amene mwamuphunzitsa bwino mawa walemba mayeso wapita, mwayambanso ndi ena osadziwa kanthu. Ine chaka chilichonse ndimakhala ngati ndikuyambira pa ziro. Nde iyeyu zimatheka bwanji kuti osewera akusintha koma timu osatsika? Ndi ndalama za ku America basi kapena pali china choti ife a kumudzi kuno tingatolepo? Ndikufunsa zenizeni chifukwa atsikana anga ali ndi luso ndipo zimandiwawa kuona likungothera panjira.

Mbadwa_ya_Chamama (ndili ku Dallas)

Aphunzitsi mwafunsa funso labwino ndipo ndikuyankhani motalika pang'ono mundipirire. Kuno masewerowa amaonetsa pa kanema wa ESPN ikafika May ndi June ndipo ine ndinayamba kuwatsatira chifukwa cha mwana wanga wamkazi.

Poyamba kwa amene sakuwadziwa, softball ndi m'bale wake wa baseball, kwathu tinganene kuti akufanana ndi raundazi ija timasewera ku pulayimale koma iyi ili ndi malamulo okhwima. Osewera 9 mbali iliyonse, ma inning 7 (zigawo za gemu, m'chigawo chilichonse matimu amasinthana kumenya ndi kuponya), woponya amaponyera mmunsi akuzunguza mkono, osati pamwamba ngati baseball, ndipo amaima mafiti 43 okha kuchokera pomwe pali womenya nde mpira umafika msanga zedi, kuphethira kamodzi wadutsa.

Tsopano za mayi Gasso. Iwowa ndi a ku California, anasewera ku Long Beach State, kenako anayamba kuphunzitsa matimu a sekondale, nkudzapita ku Long Beach City College, kakoleji ka zaka ziwiri, komwe anakhala kuyambira 1990 mpaka 1994. Ku Oklahoma anayamba mu 1995. Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetse aphunzitsi, chifukwa mukaona sitediyamu ya lero mungaganize kuti anapeza zonse zili tayale. Ayi ndithu. Nthawi imeneyo timu inalibe bwalo lakelake, imasewera pa Reaves Park, paki ya khonsolo ya tauni ya Norman komwe kuli yunivesiteyi, bwalo lomwe amagawana ndi matimu a azibambo osewera zongosangalala madzulo, moti nthawi ikakwana atsikana amayenera kuchoka kuti eni ake alowe. Bwalo lawo loyamba anadzalipeza mu 1998, lija linadzatchedwa Marita Hynes Field.

Ndipo nthawi imeneyo softball inali ya anthu a kumadzulo, mayunivesite a UCLA (ya ku Los Angeles) ndi Arizona ndi amene amangosinthana chikho, atsikana aluso ambiri amachokera ku California komwe kulibe chisanu choti nkuletsa kusewera. Mtsikana wa ku Los Angeles kumuuza kuti tiye ku Oklahoma kunali kovuta. Koma poti mayiwa kwawo nkomweko, amawadziwa makochi a masekondale ndi a timakoleji tating'ono, nde amapita okha kukacheza ndi makolo nkumawakokera atsikana ku Oklahoma. Mu 2000 anatenga chikho choyamba atagonjetsa UCLA yomweyo 3-1 mu fainolo. Nthawi imeneyo amuna awo anali atabwerera ku California kukagwira ntchito, iwo anatsala ku Norman ndi ana awiri aamuna, kuphunzitsa timu kwinaku akulera.

Pambuyo pake zikho zinabwera mu 2013, 2016, 2017, kenako 2021, 2022, 2023 ndi 2024. Palibe timu ina inatengapo kanayi mondondozana chiyambireni mpikisanowu pansi pa NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'mayunivesite, mu 1982. Mu 2023 anapambana masewero 61 nkuluza amodzi okha chaka chonse, ndipo anafika popambana masewero 71 osaluzako mpaka timu ya Louisiana inadzawadula mu March 2024. Jocelyn Alo, mtsikana wa ku Hawaii, anamenya ma home run 122 (kumenya mpira kutali mpaka womenyayo kuzungulira bwalo lonse nkugoletsa) pa nthawi yake, ndiye rekodi, ndipo amene anali nayo poyamba Lauren Chamberlain ndi 95 analinso wa Oklahoma yomweyo. Pano ali ndi sitediyamu ya Love's Field yomwe inatsegulidwa mu 2024, mumalowa anthu 4,200, panja pake anaimikapo chiboliboli cha mayiwa akadali pantchito. Asankhidwanso kukhala kochi wa timu ya dziko la America kukonzekera ma Olympics a 2028.

Za funso lanu loti osewera akusintha koma timu osatsika, chimene ine ndimaona ndi chakuti sadikira kuti akuluakulu achoke kaye kenako ayambe kuphunzitsa ang'ono. Wa chaka choyamba ngati ali bwino amalowa mu gemu yaikulu pompo, Tiare Jennings ndi Jayda Coleman anayamba kusewera atangofika mu 2021 ndipo anachoka mu 2024 ali ndi zikho zinayi, sanamalizepo chaka opanda chikho.

Kamwendo_Boy (Mchinji)

Achimwene a ku Dallas mwafotokoza bwino koma tiyeni tisawanamize aphunzitsiwa. Nkhani ndi dola. Mwasiya zambiri.

Ku America kuli lamulo lija Title IX la 1972, limakakamiza sukulu iliyonse yolandira ndalama za boma kuti isamasale atsikana, kuphatikizapo pa masewero. Nde yunivesite ngati Oklahoma yomwe imapanga ndalama zankhaninkhani ndi mpira wawo uja wa zisoti, ikuyenera kuikanso ndalama kwa atsikana, kufuna kaya kusafuna. Mtsikana akamasewera bwino amamulipirira fizi, pogona, chakudya, dokotala alipo, jimu ilipo. Kochi yekhayo amalandira ndalama zoposa 1 miliyoni ya madola pachaka. Sitediyamu mukunenayo dzina lake likuchokera ku kampani ya Love's ya malo omwetsera mafuta, ndi amene anaponyapo ndalama zambiri. Kuno ndani angatero? Ma estate a fodya onsewa a ku Kasungu ndi Mchinji munaonapo limodzi litamanga bwalo la netball la atsikana?

Chinanso mpikisano womaliza uja Women's College World Series umachitikira ku Oklahoma City chaka ndi chaka, kuchokera ku Norman osakwana ndi ola lomwe pagalimoto, nde sitediyamu imadzadza ndi masapota awo, ena onse amakhala alendo. Komanso masiku ano osewera amaloledwa kusamuka sukulu mosavuta, timu ikakhala pamwamba aluso a masukulu ena amathamangira komweko okha.

Umboni woti ndi ndalama ndi uwu, Texas Tech inatenga woponya NiJaree Canady kuchokera ku Stanford mu 2024 pa ndalama zoposa 1 miliyoni ya madola, chaka chotsatira 2025 ndi iwowo anatulutsa Oklahoma mu semi fainolo. Chikho chinapita ku yunivesite ya Texas, osati Texas Tech. Nde mukuona, wina atangotulutsa chikwama ufumu unathera pomwepo. Aphunzitsi inu musadzipweteke mutu, mulibe mpira, mulibe yunifomu, thiransipoti yopitira ku zoni mumachita kusonkha, palibe chomwe mungatengere kwa mayi ameneyu.

Mayi_a_Tadala (Mkanda, Mchinji)

Mwana wanga wa ku Kamwendo, zonse wanenazo ndi zoona koma pomaliza pokhapo ndakana. Ine softball sindinaigwirepo, ndaphunzitsa netball ku pulayimale ndi ku sekondale mpaka tsitsi layera, koma zimene alemba achimwene a ku Dallas ndaziwerenga mofatsa ndipo pali chinthu chimodzi nonse mwachidumpha.

Taonani zakazo. Chikho choyamba 2000, chachiwiri 2013. Pakatipo zaka 13. Ndipo ndapita kukaona, kuyambira 2005 mpaka 2010 timu yawo sinafike nkomwe ku mpikisano womaliza uja. Mu 2012 anafika mu fainolo naluza kwa Alabama. Koma sanawachotse ndipo iwo sanathawe. Munthu mmodzi pa sukulu imodzi kuyambira 1995 mpaka lero. Ndalama za ku America zinalipo pa masukulu ena onse akuluakulu, Title IX yomweyo inaliponso ku Texas ndi ku Florida, nanga bwanji onsewo alibe zikho 8? Ndalama zikuluzikulu mukuzinenazi zinabwera mayiwa atayamba kale kupambana, sitediyamu yabwera patatha zaka pafupifupi 30.

Kwathu kuno chimene chimapha masewero a atsikana choyamba si mpira kusowa ayi, mpira ana amakulunga wa majumbo nkusewera. Ndi kusakhazikika. Mphunzitsi wayamba bwino, atsikana amuzolowera, makolo ayamba kumukhulupirira, mwadzidzidzi kalata ya thiransifa, wapita. Wobwera m'malo mwake alibe nazo chidwi, anangopatsidwa poti ndi wamng'ono pa sitafu. Mahedi asintha, atsopano akuti masewero akuononga nthawi ya sitade. Palibe cholembedwa chilichonse, ma bibu sakudziwika ali ndi ndani, zonse zinali m'mutu mwa munthu mmodzi. Ine zinandichitikira pa sukulu ina, ndinasiya timu yoti imaopedwa zoni yonse, nditabwerako kudzacheza ndinapeza pabwalo palimidwa mtedza, mapolo anazula. Ndinalira.

Chachiwiri ndi atsikana eni akewo mmene timawatayira. Kuno mvula ikagwa mwana akufunika ku munda, nthawi yothyola ndi kusoka fodya simumuona pa pulakatisi, akaweruka akatunge madzi, aphike, alere ang'ono ake. Wina mimba ali Fomu 2, wina akwatiwa, wina wapita ku Chipata kukagwira ntchito ya m'nyumba. Wina amangojomba masiku ena pamwezi chifukwa pasukulu palibe posinthira ndipo sanganene kwa mphunzitsi wamwamuna. Mwamva kuti mayi Gasso amapita okha kukacheza ndi makolo ku California? Imeneyo ndiye ntchito ya kochi wa atsikana, theka lake imachitikira pakhonde la makolo osati pabwalo. Ine ndimakwera kabaza kupita kwa amayi a mwana, kukhala pamphasa, kuwalonjeza kuti mwana wanu azifika pakhomo dzuwa lisanalowe ndipo akalephera mayeso ndimuimitsa ndekha kusewera. Ukasunga lonjezo limenelo kwa banja limodzi mudzi wonse umamva, chaka chinacho amabwera nawo okha ana.

Nde aphunzitsi a ku Santhe, mukuti chaka chilichonse mumayambira pa ziro. Ndikufunseni, pulakatisi mumapanga ndi ndani? Ndikukhulupirira ndi a Fomu 3 ndi Fomu 4 poti ndi amene angakupambanitseni chaka chino. Inu ndi a ku Kasungu mukudziwa kuti fodya wa chaka chamawa amayambira ku nazale, a Fomu 1 ndi amenewo. Muziwaika m'gemu ngakhale muluze. Ndipo musathere pomwepo, pitani ku mapulayimale amene amakutumizirani ana, mukadziwane ndi aphunzitsi a masewero a Sitandade 6 ndi 7, mwana azifika kwa inu mukumudziwa kale dzina ndi malo amene amasewera.

China, amene anamaliza sukulu ali m'mudzi momwemo musawataye. Ndaona kuti wothandizira mayi Gasso pa zoponya, Jennifer Rocha, anali wosewera wa pa Oklahoma pomwepo. Mtsikana amene munamuphunzitsa zaka zinayi amadziwa kale mmene mumafunira zinthu, ndipo ana amamasuka naye pa nkhani zimene sangakuuzeni inu bambo. Tsiku limene kalata ya thiransifa idzakupezeni, ameneyo ndi amene adzagwire timu.

Ndipo tisamayankhule ngati kuno sizinachitikepo. Ma Queens anafika pa nambala 5 pa dziko lonse lapansi mu 2007 akuchokera pa mabwalo a fumbi ndi a simenti yong'ambika, a Griffin Saenda ndi a Mary Waya anakhala pa netball moyo wawo wonse. Mwawi Kumwenda wasewera ku Australia zaka zambirimbiri. Ma Scorchers anatenga COSAFA mu 2023, Temwa Chawinga anasankhidwa wosewera bwino kuposa onse mu ligi ya ku America komweko mu 2024. Ana amenewa sanabadwire mu sitediyamu.

Nya_KTTC

Amayi mwayankhula zomveka. Ine langa ndi lapambali, kodi softball yomweyo singayambike kuno? Ndikuona ngati atsikana amene netball imawakana chifukwa cha msinkhu angapeze malo, chifukwa kumeneku wamfupi wothamanga ndi wofunika, wojintcha wamphamvu m'manja ndi wofunikanso. Ku Botswana amasewera kwambiri m'masukulu ndipo timu yawo imapita ku mipikisano ya dziko lonse lapansi, South Africa chimodzimodzi. Bwalo la mpira wamiyendo likhoza kukwanira, pakati pa ma base (malo amene othamanga amaponda pozungulira) ndi mafiti 60 basi. Vuto ndi magulovesi, aliyense wogwira amafunika yake, kuphatikiza chisoti cha womenya ndi zotchinga za wogwira kumbuyo uja, ndipo mpirawo dzina lokha ndi lofewa, ukakumenya umatupa. Zinthu zimenezi sindinazionepo mu shopu pa Kasungu boma.

Sir_Masewero (Santhe, Kasungu)

Zikomo nonse. Amayi a Tadala za mapulayimale zija zandigwira mtima, tili ndi atatu amene amatidyetsa ndipo aphunzitsi ake timakumana pa TDC, nkosavuta kuyamba. Alipo atsikana awiri anamaliza chaka chatha akungokhala, mmodzi anali senta wabwino kwambiri, ndikalankhula ndi makolo ake komanso a mother group kuti zikhale zodziwika, ndisamaoneke ngati ndikuitana mwana wa eni mwamseri.

Koma achimwene a ku Kamwendo sindikuwatsutsa kotheratu. Chaka chatha tinapambana ku zoni, kuti tipite ku kalasita ndalama ya galimoto inasowa, ana anachapa mayunifomu usiku mmawa nkuwauza kuti ulendo kulibe. Mwana wotere mumubweza bwanji pa pulakatisi? Nde achimwene a ku Dallas ndifunsenso, alipo makochi ena kumeneko amene anamanga timu pamalo ovuta, kapena ndi mayi Gasso okha?

Mbadwa_ya_Chamama (ndili ku Dallas)

Alipo aphunzitsi. Amene ine ndimawaganizira kwambiri ndi Carol Hutchins wa ku Michigan. Kumeneko chisanu ndi choopsa, sizoni ikamayamba mu February bwalo limakhala litakwiririka, nde masabata oyambirira onse timu imangosewera koyenda kumwera, pulakatisi m'nyumba. Anakhala kochi wamkulu kuyambira 1985 mpaka 2022, anapambana masewero 1,707, koma chikho anatenga kamodzi kokha mu 2005, patatha zaka 20 chiyambireni, ndipo inali timu yoyamba ya kum'mawa kwa mtsinje wa Mississippi kutenga chikhochi pansi pa NCAA. Mayi ameneyu amadziwikanso kuti sankaopa kukangana ndi akuluakulu kuti atsikana apatsidwe zofanana ndi anyamata. Wina ndi Mike Candrea wa ku Arizona, nayenso zikho 8, anapuma mu 2021 atakhala pa sukulu imodzi zaka zoposa 30, ndi amene anatsogolera America kutenga golide ku Athens mu 2004. Mukaona onse atatu nkhani ya amayi a Tadala ija ikutuluka yokha.

Achimwene a ku Kamwendo, za 2025 mwanena zoona kuti Texas Tech inawatulutsa, koma muonjezere kuti osewera ambiri amene anatenga zikho zinayi aja anali atamaliza sukulu mu 2024, timu inali yodzadza ndi atsopano, analowanso mu ligi ina yovuta kwambiri ya SEC chaka chomwecho, koma anafikabe mu semi fainolo. Kwa ine chimenecho ndi chimene aphunzitsiwa amafunsa, kuti akuluakulu onse apita koma timu ikadali m'gulu la anayi omaliza.

Asisi a ku KTTC, magulovesi ogwiritsidwapo kale kuno amapezeka motchipa m'mashopu a kaunjika, ana akakula amangowataya. Vuto ndi kutumiza ndi msonkho. Koma ndisanatumize kanthu ndingafune kudziwa kuti adzaphunzitse ndani komanso azidzasewera ndi ndani, chifukwa sukulu imodzi yokha ikakhala ndi zida popanda opikisana nawo zikathera mu sitolo ya ahedi.

Kamwendo_Boy (Mchinji)

Amayi ndakumvani ndipo ulemu wanu, za thiransifa zija sindingatsutse, mlongo wanga anasiya netball chifukwa madamu amene amawakonda anasamutsidwa pakati pa teremu. Koma ine ndikadali pomwe ndinaima. Mayi Gasso anakhala zaka zonsezo chifukwa sukulu inkafuna kuti akhale, inawakwezera malipiro, inawamangira bwalo. Mphunzitsi wa kuno sasankha yekha kukhala, ndipo masewero salandirirapo kanthu, mafuta a njinga yamoto ndi a m'thumba mwake, pomwe ana ake kunyumba akufunanso fizi. Tikamangoti apirire tikuwasenzetsa katundu wa boma ndi wa makampani. Ana aja anachapa mayunifomu usiku sanasowe kochi wopirira, anasowa galimoto.

Mayi_a_Tadala (Mkanda, Mchinji)

Galimoto imeneyo ndi ya PTA mwana wanga, ndipo imakambidwa teremu yoyamba pomwe akupanga bajeti, osati sabata ya ulendo. Aphunzitsi a ku Santhe, pemphani ahedi akuikeni pa ajenda ya msonkhano woyamba wa makolo, mupite ndi pepala lolemba masiku a zoni ndi a kalasita ndi mtengo wa lole, mutengenso atsikana awiri atavala yunifomu akayankhule okha pamaso pa makolo ndi amfumu. Kuno tinagwirizana kuti pokolola banja lililonse lokhala ndi mwana pasukulu lizipereka kambale ka soya kapena mtedza, komiti imagulitsa, ndalama imasungidwa ndi msungichuma wa makolo osati mphunzitsi, kuti pasadzakhale zonenana. Sizikwana zonse koma lole yopita ku kalasita imapezeka. Mundilembere ku inbox ndikutumizireni mmene tinalembera pepala lathu, komanso ngati mungapeze njira teremu ikubwerayi mubwere ndi a Fomu 1 ndi Fomu 2 anu kuno ku Mkanda tidzasewere ya chibwereza, nsima ndi pogona tidzaona ife.